A Oddvar ndi Galimoto Yokana Kuima

Chimene Jorunn anayamba kuona ndi miyendo. Ankatsuka makapu pawindo la kukhitchini m'mawa wina kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo tsidya la kamtsinje, pabwalo la a Oddvar Kleiva, panali galimoto yobiriwira itakwezedwa pa zipika, miyendo iwiri itatulukira kunsi kwake. Miyendoyo inakhala phee kwa kanthawi, kenaka inayamba kudzikoka chafutambuyo mpaka mwini wake anatuluka yense, nkhalamba yaitali yowerama msana, itavala ovolosi yofwifwa. Nkhalambayo inadzuka mogwira bondo, inatsegula chitseko cha dalaivala, inasuntha kamtengo kenakake m'katimo, n'kubwerera pansi paja kukagonanso. Posakhalitsa miyendo ija inayambanso kudzikoka.

Jorunn anaiwala kapu m'madzi. Anthu awiriwa anali atakhala moyang'anizana zaka zoposa makumi atatu, koma kunena zoona iye anali asanawayang'anitsitsepo a Oddvar. Kwa iye bamboyu anali phokoso chabe: lole ya mkaka ikulira m'bandakucha, zigubu zikugundana kumbuyo. Amene ankacheza nawo anali akazi awo, a Magnhild, koma a Magnhild anali atagona kale kumanda a kudoko. Mwamuna wa Jorunn, Ansgar, anawatsatira m'chisanu chapitacho. Chichokereni Ansgar, Jorunn ankatha sabata yathunthu osamva mawu akeake.

Nkhani ya galimotoyo panalibe wosaidziwa ku Lia, kamudzi kawo ka paphiri, ngakhale nyumba zofuka utsi zinali zitatsala zitatu zokha. Basi inali italeka kukwera kumtunda kuno. Kagalimoto kakale ka a Oddvar kanadyeka ndi dzimbiri mpaka oyeza magalimoto anakachotsa manambala. Tsono mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, Sissel, amene ankagwira ntchito mumzinda wa Bergen, anagamula mlandu: munthu wokalamba chonchi, womwa mankhwala a mtima, sangakhale paphiri popanda choyendera. Chipale chofewa choyamba cha nyengo yachisanu chikadzagwa pabwalo pasanaime galimoto yoyezedwa, adzakhome nyumba n'kukakhala kwa iye, m'kachipinda ka nyumba yosanja. A Oddvar sanatsutse. Anatsika ndi wamakalata kupita kwa Kjartan, mwini bwalo la magalimoto akufa, ndipo anabwerako akukokedwa ndi thirakitala, atakhala m'galimoto imene mwini wake wakale anagwera nayo m'ngalande. Injini anaidzutsa sabata yoyamba yomweyo. Chimene chinakana ndi mabuleki. Ndipo msewu wa ku Lia sufuna masewera. Umatsika mokhotakhota m'mbali mwa phiri mpaka kudoko, ndipo pa khona limene timalitcha Chigongono, munthu ukasuzumira umaona madenga a nyumba za kudoko ali pansi pa mapazi ako.

Kwathu kuno munthu sapempha thandizo, ndipo sudzipereka kuthandiza munthu amene sanapemphe, poti kutero n'kumuuza kuti walephera. Ukafuna kufika pakhomo pa mnzako umanyamula chifukwa m'manja. Jorunn anakhala masiku angapo akuonerera miyendo ija ikulowa ndi kutuluka, kufikira anakumbukira mphika waukulu wophikira jamu umene a Magnhild anamubwereka kalekale. Anaupukuta, anavala juzi, n'kuwoloka kamlatho.

"Ndabweretsa mphika wa malemu," anatero, akulankhula kwa nsapato zimene zinatulukira pansi pa galimoto. "Wakhalitsa kwathu."

"Ehe," anayankha mawu kunsiko. "Ikani pakhondepo."

Anauika. Anaimirira. Kamtsinje kankangolira kokha.

"Kukuzizira," anatero a Oddvar.

"Kukuzizira ndithu."

"Mpando wa dalaivalawo ndi wofewa, ngati miyendo yatopa."

Jorunn sanatope, koma anakwera n'kukhala. M'katimo munkanunkha matope ouma ndi fodya wa munthu wachilendo. Kamtengo kaja kanali mpini wa tsache, wopanikizidwa pakati pa mpando ndi chopondera cha mabuleki.

"Poti mwakhala kale pamenepo, mayi," mawu aja anatero patapita nthawi, "chotsani kampiniko. Phazi lanu lamanjalo lili ndi ntchito lero?"

Umu ndi mmene Jorunn, amene anali asanagwirepo chiwongolero chibadwire, anakhalira phazi la a Oddvar.

Ntchito yake sinali yovuta kuimva. A Oddvar anamufotokozera kamodzi kokha, maso ali pa sipanala. Mabuleki amayenda ndi mafuta a m'timapaipi. Mafuta ukawaponda sagonja, amakankha. Koma mpweya ukalowamo umagonja ngati buledi, phazi limangomira mpaka pansi galimoto ikupitabe. Choncho mpweyawo uyenera kutulutsidwa, gudumu ndi gudumu, ndipo ntchitoyi imafuna anthu awiri: wina aponde, wina atsegule kabauti kotulutsira mpweya kugudumuko, n'kukatseka phazi lisanachoke. Phazi likafulumira kuchoka, mpweya umayamwidwanso, ntchito yonse yagwa m'madzi.

"Popani!" ankatero a Oddvar, ndipo Jorunn ankaponda n'kusiya, kuponda n'kusiya.

"Gwirani!"

"Ndagwira."

"Sindikumva, mayi! Muli kutchalitchi kodi?"

"Ndagwira!"

Pamenepo chopondera chinkamira pang'onopang'ono pansi pa phazi lake, ndipo iye ankafuula kuti chafika pansi, n'kudikira mawu akuti "Siyani!" Sabata yoyamba anapita kwawo mmero ukuwawa. Anadabwa kuti mawu ake analipobe, ndiponso kuti ankatha kufika kugudumu lakumbuyo.

Dzuwa likapendeka ankamwa khofi pakhonde, wa m'fulasiki, ndi buledi wopaka tchizi chofiirira. Apa m'pamene Jorunn anawadziwira a Oddvar, osati chifukwa ankalankhula zambiri, koma poti ankataya nkhani imodziimodzi monga nkhuku itayira mazira, n'kuchokapo osaiyang'ananso. Anayamba kuyendetsa lole ya mkaka msewu usanaikidwe phula, nthawi imene khomo lililonse ku Lia linali ndi ng'ombe ndi kabenchi ka zigubu m'mbali mwa msewu. Loleyo inkatsika ndi mkaka n'kukwera ndi chilichonse: ufa, mankhwala, nsapato zochokera kwa wosoka, anapiye m'katoni, mbusa pa Khirisimasi. Ana awiri a m'chigwachi anabadwira pampando wake wakutsogolo. Mabokosi a maliro amene anatsika nayo sanawawerenge. Zaka zonsezo gudumu lake silinalowepo m'ngalande, ndipo ichi anachinena motsitsa mawu, akugogoda thabwa la khonde.

"Nanga ankakuponderani ndani?" Jorunn anafunsa tsiku lina.

"Magnhild. Ankaponda uku akuluka masokosi. Ndimati ndikafuula kuti gwira, iye amvekere, ndagwira kalekale, ukuchedwa ndiwe." Anapukuta kapu yawo ndi chala chachikulu. "Phazi lake linali lolemera kuposa lanu. Koma inu mumamva msanga."

Jorunn anawerama nkhope ikutentha, ndipo anamuyamikira mphaka wa a Oddvar amene anasankha nthawi yomweyo kudumphira pamiyendo pake.

Analinso ndi kachitidwe kawo. Masipanala ankawandandalika pa nyuzipepala kuyambira yaikulu kufika yaing'ono, ndipo iliyonse ankaipukuta asanaibweze. Mafuta a mabuleki akadonthera pa penti ankathamanga ndi kansanza konyowa, ngakhale galimotoyo inali yophwanyika kale mbali imodzi. Kubauti ankalumikizako kapaipi koonekera m'kati kolowa m'botolo la jamu, ndipo ankayang'ana botololo monga mlimi ayang'ana mitambo. Galimotoyo sankaitukwana. Ankaiyankhula ngati ng'ombe yokana kukamidwa: "Tiye mayi, usatichititse manyazi."

Koma inawachititsa manyazi. M'botolo thovu linkatha, mafuta n'kumatuluka oyera mbee, koma chopondera chinali chimodzimodzi. Ukachipopa kangapo chinkalimba pang'ono, ukachisiya kanthawi n'kupondanso, fwaa mpaka pansi. A Oddvar anapeza paipi imene inadyeka ndi mchere wothira m'misewu posungunula chipale, anapinda yatsopano ndi manja awo n'kuikapo. Palibe chinasintha. Anasintha timapaipi tamphira ta kumagudumu onse. Anayala makatoni pansi pa galimoto kuti aone ngati pali podontha, m'mawa makatoni ali gwaa, ouma. Anamasula pampu yaikulu imene chopondera chimakankha, anaitsuka patebulo la kukhitchini, anaika timphira tatsopano. Anapopanso, anagwiranso, anasiyanso.

"Bwanji?" ankafunsa ali chigonere.

"Chofewabe," Jorunn ankayankha, ngati wolakwa ndi iye.

Apo n'kuti masamba a mitengo atasanduka achikasu n'kuyamba kuyoyoka. M'mawa wina nsonga ya phiri inadzuka itavala chipewa choyera, ndipo sabata iliyonse chipewacho chinkatsikira m'munsi. Lamlungu lililonse masana foni inkalira m'nyumba mwa a Oddvar, ndipo Jorunn ankamva kudzera pachitseko: "Zikuyenda, mwanawe. Pangotsala pang'ono. Ayi, sindikugona pansi pozizira." Ankanena zimenezi ovolosi ili yonyowa kumsana konse.

Pomaliza anaganiza kuti pampu yonseyo ndiyo yatha, ndipo anaitanitsa ina kwa Kjartan. Kjartan anabwera nayo yekha, munthu wamimba, wamakutu ofiira, amene pakamwa pake sipankapuma.

"Madala! Mukadali moyo? Ndimayesa ndikupezani mutakwatira galimotoyi, mwagona nayo mwezi wonse!"

"Unandigulitsa mtembo, wakuba iwe."

"Mtembo munausankha nokha, ine ndinangokuthandizani kunyamula maliro." Anasuzumira pawindo n'kuona Jorunn. "Aa, mayi Jorunn! Akulembani ntchito? Samalani, amalipira khofi wozizira awa. Akazi awo anagwira zaka makumi anayi, penshoni yake mphika."

Anazungulira galimoto akuseka yekha, akumenya matayala amene anatsamira khoma. Atafika pa gudumu lakutsogolo anagwada, anasuzumira, ndipo kuseka kuja kunaduka. Anapita mbali inayo, anasuzumiranso. Jorunn, amene ankamuona pawindo, anaona munthuyo akutsegula pakamwa n'kutsekanso.

"Waona chiyani?" anafunsa a Oddvar.

"Ine? Dzimbiri, madala. Dzimbiri lokhalokha, ngati mawondo anuwo." Anapukuta manja pa buluku. "Yesani pampuyo."

Madzulo ake, Jorunn akuanula zovala, galimoto ya Kjartan inaima pageti pake. Inali itachoka kalekale, ndiye kuti inaima penapake m'munsimu n'kubwerera. Kjartan sanatsike. Anatsitsa galasi, ndipo nthabwala zinali zitamuthera.

"Mayi, pampu ijatu siithandiza."

Jorunn anasendera pageti, zopanira zovala zili m'manja.

"Zibwano zakutsogolo zija, zimene zimaluma gudumu. Pali cha kumanja ndi cha kumanzere. Zimafanana, ndipo chilichonse chimalowa mbali iliyonse, mabauti ake ndendende. Koma ukazisinthanitsa, kabauti ka mpweya kamakhala pansi m'malo mwa pamwamba. Tsono mpweya umakwera. Wakhala pamwambapo, ukuwaseka. Mupopa mpaka Yesu adzabwere."

"Ndiye anaziika ndi iwo?"

"Nanga ndani? Anazichotsa kuti azitsuke. Malole awo aja analibe zibwano zotere, mabuleki ake anali a mtundu wina. Munthu sungadziwe chimene sunakumane nacho."

"Bwanji simunawauze?"

"Ine?" Kjartan anagwira pachifuwa. "Munthu amene anandiphunzitsa kugwira sipanala? Amene anakoka bambo anga m'chipale katatu konse osauza mayi anga kuti anali ataledzera? Ndikaime pabwalo pawo ndinene kuti madala, mwaika chamanzere kumanja? Bola andimenye ndi jeke." Analiza injini. "Inu mumamwa nawo khofi. Mupeze kanjira."

Kanjirako Jorunn sanakapeze. Anapita m'mawa mwake mawu ali okonzeka pakamwa, koma atawapeza a Oddvar akumanga pampu ija akuimba kamluzu, maso akuwala ngati mwana, mawu aja anabwerera kumimba. Anapopa tsiku lonse akudziwa kuti akupopa pachabe. Tsiku lotsatira anayesa kuyamba ndi nkhani ya mabotolo a juwisi, mmene thovu limakwerera kukhosi kwa botolo, koma a Oddvar anangoti, "Ehe, Magnhild naye ankapanga wa mabulosi," nkhani n'kuthera pomwepo. Jorunn anali munthu amene kusitolo akamupatsa chinthu cholakwika ankangolandira n'kuthokoza. Kuuza mwamuna wamkulu kuti walakwitsa pa ntchito ya moyo wake wonse kunali ngati kumuuza kuti avule pamsika.

Kenaka mluzu uja unaleka. Chipale chinafika pa mzere wa mitengo, pamwamba penipeni pa nyumba. Pakhonde la a Oddvar panaoneka makatoni, osati oyala pansi pa galimoto, koma omanga ndi chingwe. Ndipo Lachinayi lina m'mawa a Oddvar ndiwo anawoloka kamlatho, kwa nthawi yoyamba chimwalirireni Ansgar, atanyamula mphaka m'khwapa ndi mbale yake m'dzanja linalo.

"Sissel akubwera sabata yamawa," anatero ali pakhomo, osalowa. "Mphakayu tauni saidziwa. Sadya zambiri."

Anamuika pansi. Mphaka analowa ngati kwawo. A Oddvar anatembenuka, ndipo Jorunn anaona msana wawo mmene unawerama, ndi zigamba za m'zigongono zimene anasoka a Magnhild. Anaganiza za windo lake la kukhitchini chisanu chonse, tsidya lija kuli mdima bii, chumuni chosafuka.

"A Oddvar!"

Linatuluka liwu lija la kugudumu lakumbuyo, lalikulu, mpaka iye mwini anadzidzimuka. Anawadutsa pakamlatho osavula ndi epuloni yomwe, anafika pagalimoto, anagwada m'matope pa gudumu lakutsogolo n'kuloza ndi chala.

"Kabautika kali pansi. Kayenera kukhala pamwamba. Ichi ndi cha uko, icho ndi cha kuno. Mwazisinthanitsa."

A Oddvar anafika pang'onopang'ono. Anagwada pambali pake, bondo likulira. Anayang'ana nthawi yaitali. Anadzuka, anapita mbali inayo, anayang'ananso. Khosi lawo linafiira kuyambira pakolala mpaka m'makutu.

"Wakuuzani ndani?"

"Kjartan."

"Liti?"

"Tsiku limene anabweretsa pampu."

"Galu ameneyu," anatero motsitsa. Kenaka, osamuyang'ana: "Pitani kwanu, mayi."

Jorunn anapita. Tsiku limenelo sanayandikire windo. Anakolopa nyumba yosada, anasenda mbatatesi zoti sangazimalize, mphaka akumutsatira paliponse. Anadziuza kuti wataya mnzake mmodzi yekha amene anatsala naye, ndipo kuti bola akanangokhala chete monga ankachitira moyo wake wonse. Chakumasana anamva chitsulo chikulira tsidya lija, ngwee, ngwee, koma sanasuzumire.

M'mawa mwake kunagogodedwa. A Oddvar anaima pakhomo, manja akuda bii, chala chimodzi chitamangidwa kansanza.

"Ndadzatenga mphaka wanga," anatero. "Ndinangomubwereketsa." Anakanda kuchibwano. "Ndiponso mpando uja ulibe munthu."

Tsiku limenelo botolo la jamu linachita thovu ngati mowa. Jorunn ankamva kunsiko a Oddvar akung'ung'udza, "Tuluka, satana, tuluka, wadya mafuta anga okwanira." Gudumu lamanja, gudumu lamanzere. Kenaka anati, "Tapondani tione," ndipo Jorunn anaponda. Chopondera chinatsika pang'ono chabe n'kuima nji, ngati waponda mwala wa pakhomo. Anasiya, anadikira, anapondanso. Nji.

"Bwanji?"

"Chalimba."

"Mwati?"

"Chalimba, a Oddvar! Chalimba gwa!"

Kunsiko kunali zii. Miyendo ija sinasunthe kwa nthawi ndithu, ndipo Jorunn anakhala chikhalire phazi lili pomwepo, maso ali kuphiri, kuwapatsa mpata.

Kjartan anabwera ndi manambala ongobwereka oti atsikire nawo kokayezetsa. Anaima patali ndithu, manja m'thumba.

"Ndamva kuti mtembo wauka, madala."

"Iwe, bwera kuno." Kjartan anasendera. "Ulendo wina ukadzaona mkulu akupita kuchimbudzi buluku lili chozondoka, uzimuuza. Wamva?"

"Ndamva, madala. Koma ndidzatumabe mayi Jorunn, ine ndili ndi ana."

Anatsika Lachiwiri, kumwamba kuli kotuwa, kukununkha chipale. A Oddvar anavala jekete la kutchalitchi. Sanamuitane Jorunn, anangoima pageti pake injini ikulira, chitseko cha mbali inayo chili chotsegula. Jorunn anakwera chikwama chili pamiyendo, atachigwira ndi manja awiri. Pa Chigongono, madenga a kudoko ali pansi pawo, a Oddvar anaponda, ndipo galimoto inaima chiriri pakati pa khona. Anaisiya iyende pang'ono n'kupondanso. Inaimanso.

"Mwaona?" anatero.

"Ndaona. Tiyeni tichokepo."

Woyeza magalimoto anaikweza, anaigogoda, anaiyendetsa pa makina ake, anadandaula za nyali imodzi yakumbuyo imene a Oddvar anaikonza pomwepo ndi mpeni wa m'thumba. Pofika nthawi ya chombo cha masana galimoto inali itaima padoko, yophwanyika mbali imodzi, manambala ake atsopano akuwala.

Sissel anatsika m'chombo atanyamula masutikesi awiri opanda kanthu. Anali wamtali ngati bambo ake, nkhope ya mayi ake. Anaima, anayang'ana galimoto, anayang'ana bambo ake atatsamira chitseko ngati mnyamata wodikira chibwenzi.

"Ababa, ichi n'chiyani?"

"Unati galimoto. Sunati yokongola."

"Imaima?"

"Funsa amakanika anga," anatero, akuloza ndi chibwano kwa Jorunn amene ankafuna kubisala kuseri kwa chikwama.

Sissel anaponya masutikesi aja kumbuyo mwaukali, anakhala pampando, ndipo njira yonse yokwera anangoyang'ana pawindo, akupukuta mphuno. Atafika pabwalo anamasula yekha zingwe za makatoni a pakhonde. Chipale chinagwa m'mawa wa tsiku limene Sissel anabwerera.

A Oddvar anakhala ku Lia zisanu zina zitatu. Lachisanu lililonse galimoto yobiriwira inkaima pageti pa Jorunn chitseko chili chotsegula, ndipo ankatsika limodzi kusitolo ndi kumanda, aliyense kukaima pa mwala wake, kenaka khofi ndi mabanzi pa kantini ya padoko. Ankatha kupita ndi kubwera osalankhula mawu opitirira khumi, ndipo Jorunn sanaonepo kucheza kokoma ngati kumeneko. Chilimwe chilichonse ankasintha mafuta a mabuleki, ofunika kusintha kapena ayi. Za zibwano zija sanazitchulenso, kupatula kamodzi pamene mlendo wina anayamikira kuti galimoto yakale chonchi ikuima bwino, a Oddvar n'kuyankha kuti inakonzedwa ndi anthu awiri, wanzeru ndi wamakani. Lero ku Lia kulibe chumuni chofuka nthawi yachisanu. Nyumba zija amabweramo ndi anthu a m'tauni pa tchuthi, ndipo pa Chigongono anamangapo mpanda wachitsulo.

Chisanu chachitatu chikutha, chipale chitayamba kusungunuka m'mbali mwa msewu, Jorunn anaona kuti dzuwa lakwera koma tsidya lija utsi kulibe. Anawoloka wopanda chonyamula m'manja. Anawapeza atakhala pansi kukhitchini atatsamira kabati, nkhope ili yotuwa, akupuma mobanika, nsapato imodzi atavala. Anaimba foni, anawafunditsa bulangete, anakhala nawo pansi pomwepo mpaka ambulansi inakwera. A Oddvar sanadzabwererenso ku Lia.

Powanyamula pa machira anayang'ana galimoto yawo, anayang'ana nyumba, kenaka maso awo anaima pa dalaivala wa ambulansi, munthu wachilendo wa kutauni amene ankatembenuza galimoto pabwalo mothamanga, matayala akumwaza matope. Anakweza dzanja pang'ono kumukodola Jorunn. Iye anawerama, khutu lake pafupi ndi pakamwa pawo, akuyesa kuti amuuza za mphaka kapena za Sissel.

"Mayi," ananong'ona, "kamuuzeni munthuyo atsike ndi giya yachiwiri. Asadalire mabuleki okha."